Maondo a Lorenso

Mng'ono wanga Lorenso ali ndi maondo osankha. Kutchalitchi amagwada bondo limodzi ngati akumanga chingwe cha nsapato. Koma angoona nyerere itasenza phiko la ngumbi, hii! Munthu wa ndevu zake, wokonza mafoni pamsika wa Bangula, mumupeza ali chafufumimba m'fumbi, zigongono pansi, foni kutsogolo. Zinayamba atagula kagalasi kopanira pafoni, kamene kamakulitsa diso la ntchentche n'kukhala ngati lichero.

Zinafika poipa pa ubatizo wa mwana wake Otilia. Apongozi ake anachokera ku Nyachikadza, kuwoloka madzi pa mwadiya, bwato la kwawoko, kenako kupanikizana m'minibasi, atavala chitenje chatsopano kuti ajambulitse atanyamula mdzukulu. Titangotuluka m'tchalitchi, mavu anadzatera paphewa pawo. Munthu wamutu wake akanawapirikitsa ndi chipewa. Lorenso ayi. Anayandikira monyang'ama, foni ili m'manja.

"Amayi, musasunthe," anawanong'oneza. "Musapumenso."

Mayi wamkulu anapirira, anapirira, kenako anayetsemula. Mavu aja anawaluma pakhosi penipeni. Ndiye chitsiru cha kwathu, m'malo mothamangira mankhwala, chinayang'ana pafoni n'kunena kuti, "Aa, mwagwedezatu amayi."

Kutacha, apongozi ananyamuka ndi khosi lotupa, ndipo anatenga mwana wawo Priska pamodzi ndi khandalo. Uthenga anausiya kwa ine Fanuel, poti ndine nkhoswe. Anati mkamwini wawo akagwade pabwalo pawo, maondo onse awiri, anthu akuona. Kupanda apo, Priska ndi mwana sadzapondanso pa Bangula.

"Ndalakwa chiyani, achimwene?" anandifunsa Lorenso. "Mavu saluma munthu wongokhala phee. Anasuntha okha."

"Iwe, mutuwu ndi wongovalira chipewa? Pita ukagwade!"

"Nkhabe! Ine sindigwadira munthu."

Ankalankhula mokula mtima chonchi, koma munthu akutha. Lamba anabooleza kabowo kena. Mafoni a anthu ankawabweza ali mapisipisi. Ndinkamupeza atakhala pakhonde, akununkhiza kachipewa ka mwana kamene kanaiwalidwa pachingwe. Lorenso ankamukonda Priska ndi mtima wonse, ndipo ine ndinkamumvera chisoni, ngakhale dzanja linkandiyabwa kuti ndimuwaze khofi.

Ndinayamba ndapita ndekha ku Nyachikadza. Priska ndinamupeza akuchapa kudambo, nayenso atafota.

"Alamu, ine kwathu ndikufuna," anandiuza, "koma amayi sindingawachititse manyazi. Inu mungowabweretsa amuna anga m'mawa, dzuwa lisanakwere. Zina mundisiyire."

"Uwagwaditsa ndi chiyani? Ndodo?"

Anaseka. Anati sanamugwirire Lorenso ambulera pachabe zaka zonsezi m'matchire. Tombolombo ali ndi khalidwe lake: akasankha kamtengo, amauluka, kuzungulira, n'kubwerera pomwepo. Ndiye Priska anali atazika kale bango lalifupi pamatope pamene amatayira madzi, pafupi ndi pomwe amayi ake amayala mphasa. Tombolombo wina wofiira psuu anali atalisandutsa lake. Wofiirayo, anatero Priska, Lorenso wamuthamangitsa madambo onse osamupeza.

Lorenso ndinamunyengerera. Ndinati tingopita ukapereke moni, ukaonenso mwana, ukhoza kuimirira ngati mlongoti ukafuna. Anavomera msanga kuposa mmene ndinkaganizira.

Tinafika mame asanaume. Apongozi anali pamphasa, nkhope ili ndwii. Priska anakhala kumbuyo kwawo, mwana ali pamiyendo. Amayi oyandikana nawo anabwera ndi nyemba zosola, ngati kwawo kulibe mthunzi. Lorenso anaima poteropo, dzuwa lili kumsana kwake, manja m'matumba. Ine ndinayamba zaunkhoswe, kuombera m'manja, kukokera mawu, kupempha kuti madzi akatayika sawoleka. Pakamwa pankalankhula, koma maso anga anali pabango, ndipo pabangopo panalibe kanthu. Ndinabwereza moni. Ndinafunsa za mpunga, za mvuu, za mbuzi, za mtengo wa mchere. Thukuta linali kamukamu.

Kenako uyo! Wofiira ngati tsabola, mapiko akunyezimira, anadzatera pansonga pa bango.

Ndinamva Lorenso akumeza malovu. Dzanja linatuluka m'thumba ndi foni, kagalasi kali kale pamalo pake. Bondo lamanja linapita pansi. Lamanzere linatsatira.

"Eheee," anatero amayi a nyemba aja.

Sanathere pomwepo. Kachilombo sukayandikira mothamanga, ndipo sukajambula uli pamwamba, umafika pamene pali diso lake. Choncho mng'ono wanga anagona chafufumimba ndi malaya ake opitira kutchalitchi, n'kuyamba kukwawa pang'onopang'ono kulunjika kumapazi kwa apongozi. Zigongono anazizika m'dothi kuti manja asanjenjemere. Foni anaifumbata ndi zikhato zonse ziwiri ngati munthu wopembedza. Anagwira mpweya mpaka mitsempha ya pakhosi kutuluka, osaphethira, misozi n'kuyamba kulengeza.

Mayi wina anataya nyemba n'kuyamba kusisima. "Wanga uja mpaka kumwalira sanandikwawirepo chonchi!"

"Basi, basi, bambo a Otilia," anatero apongozi. Anadzuka pamphasa, n'kuwerama, dzanja atatambasula kuti amudzutse.

Mayo ine! Dzanja lija linkalowera kubango. Tombolombo anali atayamba kupendeketsa mutu. Ndinali pafupi, ndinkaona pafoni: chithunzi chinali chisanayere, chinkangotsala pang'ono, chala chili m'mwamba kudikira. Ndinaona milomo ya Lorenso ikusonkhana. Mawu ankabwerawo ndinkawadziwa, ndi omwe aja anatupitsa khosi. Akangowatulutsa, banja latha, ndipo ine ndekha ndikanamuponya m'Shire. Priska anafinya mwana pachifuwa, maso atatseka.

Lorenso anakweza maso pamwamba pa foni. Anaona dzanja la mayi wamkulu, lokwinyikakwinyika. Anaona mkazi wake. Otilia anamuyang'ana n'kumusekerera ndi nkhama zokhazokha.

Milomo ija inatsekeka. Dzanja linakhudza bango, tombolombo n'kuuluka, kudutsa pamwamba pa denga, osabwereranso.

Ndinkayembekeza kuti adzuka n'kusasa fumbi. Sanadzuke. Anaika foni chafufumimba m'dothi, chipumi n'kugunditsa pansi.

"Amayi, pepani," anatero. "Ndinakulakwirani. Nyumba ija yandikulira."

Ine amene, munthu wouma maso, ndinayamba kufunafuna kampango m'thumba.

Apongozi anaweramuka, n'kuzula bango lija, n'kuliponya kutali.

"Takhuta, zikomo, bambo a Otilia, dzukani," anatero. "Bango ili landitopetsa. Masiku onsewa ndakhala ndikuliingitsira mbuzi ndine, mwini wake akuyesa kuti sindikuona. Kukwawa kuja sindinakuwerengere, kunali kwa kachilombo. Ndimafuna ndione ngati kakachoka inu mutsala."

Priska anabisa nkhope kumbuyo kwa mwana. Ine ndinayang'ana kumwamba ngati ndikufufuza mvula.

"Iwe Priska," anatero amayi ake, "kalongedze, mwadiya ungakusiyeni."

Priska analowa m'nyumba n'kutuluka nthawi yomweyo, mtolo uli pamutu. Anali ataumanga kale dzulo lake.