Wozula Nthambi pa Nyanja

Aliyense pachilumbapo ankadziwa kuti a Tauno Kettunen ndi katswiri wa ayezi, chifukwa eni akewo ankalengeza zimenezi tsiku lililonse. Kwa zaka makumi anayi, nyanja ikaundana ndi kuzizira n'kusanduka ayezi, ndiwo ankazika nthambi za paini zosonyeza msewu wa pa ayezi wopita kumtunda, ndipo ikayamba kusungunuka ndiwo ankazizula. Nthawi imeneyo ikafika, kwa masabata atatu ayezi sanyamula munthu, bwato nalo silipeza podutsa. Amene watsala pachilumba watsala basi.

Akazi awo, a Sirkka, anawoloka Lachitatu. Lolemba anali kukachitidwa opaleshoni ya mtima, ndipo anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti podzatsitsimuka adzaone amuna awo pambali pa bedi.

"Tiyeni tipitire limodzi lero," anatero a Sirkka. "Simukuona kuti ayeziyu wada?"

"Wada pamwamba pokha. Ameneyu afika Lamulungu, ine ndimamudziwa."

Zoona zake n'zakuti nsomba zimadya nyambo kwambiri ayezi akatsala pang'ono kutha, koma zoterezi munthu sauza mkazi wodwala mtima.

Loweruka a Tauno anawolokadi, chikwama kumsana, n'kukafika kumtunda bwinobwino. Padoko anapeza a Onni, oyendetsa bwato la makalata, akupaka utoto bwato lawolo.

"Madala, mwazisiya zili chilili nthambi zanu zija?" anafunsa a Onni. "Mukufuna alendo a m'tauni aziyesa kuti msewu ukadalipo? Kapena ndikuzulireni ine, poti mwakalamba?"

Nthambi za a Tauno kuzulidwa ndi munthu wa makalata? Bola kufa. Anatula chikwama pomwepo n'kubwerera pa ayezi. Anazula yoyamba, yachiwiri, yachikhumi, madzi akufika m'akakolo, ndendende mmene ankachitira chaka ndi chaka: kuyambira kumtunda, kukamalizira pakhomo pawo. Atazula yomaliza anawongola msana monyadira, n'kupeza kuti aima pafupi ndi sauna yawo, kanyumba kosambiramo nthunzi, pachilumba.

Kumbuyo kwawo ayezi analira ngati chitseko chakale. Mphepo ya kumwera inali itayamba, ndipo pomwe anaponda posachedwapa panatseguka mng'alu wa madzi akuda bii, ukukulirakulira.

Foni inalira m'thumba. Anali a Onni.

"Ndimati ndikuuzeni kuti chikwama chanu chafika bwino, musachidere nkhawa."

"Usandiseke iwe. Imbira a helikopita."

"Imene ija ndi ya odwala, madala. Ya akatswiri sanagule."

A Tauno anakhala pamwala nthawi yaitali. Manyazi anawagwira, koma mantha ndiwo anaposa, chifukwa kwa nthawi yoyamba anaganiza kuti mwina mkazi uja sadzadzuka. Kenako anaimbira foni a Sirkka kuchipatala.

A Sirkka anamvetsera nkhani yonse osadula mawu. Sanakalipe, ndipo a Tauno akanakonda akanakalipa.

"Ndiye nthambi zonse mwazula?"

"Zonse."

"Mwagwira ntchito. Palibe amene amire." Anapuma kaye, mpweya ukuvuta. "Pali pepala pano, akufuna dzina la munthu woti amuimbire zinthu zikavuta. Anesi abwera kawiri kudzalitenga, ine n'kumati dikirani, akubwera."

"Lemba langa, Sirkka. Foni ndili nayo."

"Akuti akhale munthu woti angathe kufika," anatero a Sirkka. "Ndilemba la mchemwali wanga."