Chimbalame cha ku Dambo la Bua

Mwanahalima anali atatsala ndi masiku khumi kuti amalize eda, miyezi ija imene mkazi wachisilamu amabindikira pakhomo mwamuna akamwalira. Masiku khumi okha! Koma mpunga wake ku dambo la Bua unali utayamba kuwerama, ndipo chaka chimenecho, chachiwiri cha matipate, anthu ankamweta minda ya eni dzuwa likuswa mtengo, ati ufulu ndi umenewo.

Mlamu wake Abdulwahab, mkulu wa malemu mwamuna wake Fakiri, anali atanena kale pamaliro kuti mayiyu akangophwanya eda, munda ubwerera kwa eni. Mundawo ankaumezera mate kuyambira kalekale, nkhani yodziwa aliyense.

Lachisanu masana, amuna onse ali ku mzikiti, Mwanahalima anafunda chitenje n'kuzemba, kudzera m'minda ya chinangwa. Anapeza mpunga uli bwinobwino. Koma m'mphepete mwa bango munaima chimbalame chotuwa, chofika m'chifuwa mwa munthu, chimlomo chake ngati chipande. Kuthawa ayi. Chinangomuyang'ana tong'o, kenaka n'kuwombanitsa mlomo uja: gogogo!

Chimbalamecho chinalibe dzina, koma mbiri yake ankaidziwa. Bambo ake anachiona ali mnyamata, chaka chimene mtsinje wa Bua unakokolola mudzi wakutsidya ndi mbuzi zomwe. Fakiri naye anachiona chaka chija nyanja inakwera n'kumeza minda. Kawiri konseko madzi sanachedwe. Ndipo tsopano m'dambomo munali misasa yokhayokha, amayi akugona momwemo ndi makanda awo, kulondera mpunga.

Masiku awiri anaibisa nkhaniyo. Anene bwanji? Wamasiye wa pa eda waiona kuti mbalame ya kudambo? Ankati akamva mwana akulira kwa aneba, ankakumbukira makanda a kudambo. Tsiku lachitatu anatuma mawu kuti alamu abwere.

Abdulwahab anakhala pakhonde, Mwanahalima kuseri kwa chitseko.

"Alamu, chimbalame chija chabweranso. Auzeni anthu asamuke kudambo."

"Wakuuzani ndani?"

"Palibe."

Bambo uja anakhosomola, kakhosomolidwe ka munthu wokondwa amene akudzigwira.

"Ndiye kuti mwachiona ndi maso anu, mlamu?"

"Ndi anga omwe."

Aa, anthu! Pofika madzulo dambo lonse linali litasamuka, mphasa ndi mapoto pamutu, popanda ndi mmodzi yemwe wodzati zikomo. Mawa lake akuluakulu a kubanja anakhala pansi, nkhani sinatalike n'komwe. Munda unapita kwa Abdulwahab, ndipo anayamba kumweta mpunga uja usanache bwino, ati kuthawa madzi.

Sabata inatha, kumwamba kuli mbee. Amayi anayamba kung'ung'udza kuti mpheta zawathera mpunga chifukwa cha bodza la mkazi wosakhazikika, ndipo mmodzimmodzi anabwerera ku misasa, ana kumsana.

Eda inatha. Mwanahalima anasamba, n'kuvala nsalu yatsopano, koma kopita analibe. M'mawa uliwonse ankaima kuseri kwa nyumba, khutu lili kumtsinje, kudikira madzi oti amuchitire umboni. Tsiku lina mitambo yakuda inaunjikana kumapiri kumene Bua amachokera, ndipo mtima wake unadumpha ndi chimwemwe. Anachita mantha, n'kudzigwira pakamwa. Kudambo kuja anali atabwererako kale Madina, mng'ono wake, ndi khanda la miyezi itatu.