Njira Yodutsa m'Dimba la Mai Tendekai

Mkazi wawo Miriam atamwalira, a Paterson Chisale anakhala nthawi yaitali akudziwa njira imodzi yokha: kuchoka kunyumba kupita kuchipatala chachikulu cha ku Edmonton, dera la mu London, komwe ankagawa mankhwala, kenaka kubwerera. Amene anawatulutsa m'nyumba anali mlamu wawo Biswick, mlongo wake wa malemuyo, munthu wa makompyuta. Tsiku lina anangofika ndi kamakina kachikasu konga foni yonenepa, kotchedwa GPS, n'kuwauza kuti miyendo yawo ikufunika kwina.

Kunali gulu la anthu ongodzipereka lomwe linkajambula mapu aulere pa intaneti, oti aliyense atha kukonzapo. Kukopera mapu a eni ake kunali koletsedwa. Munthu unkayenda wekha, kamakinako kali m'thumba, iko n'kumalemba mzere paliponse wadutsa, ngati nkhono pakhoma. Ukafika kunyumba unkatumiza mizereyo, ndiye ena, monga Biswick, ankaijambula kukhala misewu n'kuipatsa zizindikiro: uwu ndi msewu wa magalimoto, iyi ndi njira ya apansi, apa ndi pokwerera basi.

A Chisale anailowa ntchitoyi mopitirira muyeso. Anaphunzitsapo jogalafe kusekondale asanabwere ku London, ndipo uphunzitsiwo unali usanawachoke. Ankalembera gulu lonse mauthenga ataliatali, m'Chingerezi chomanga tayi, pankhani yoti kanjira kamatope ka kuseri kwa sitolo kapatsidwe chizindikiro chanji. Mfundo zawo zazikulu zinali ziwiri. Yoyamba, mizere izitumizidwa yonse osadulapo, pakuti munthu amanama koma mapazi ake sanama. Yachiwiri, chimene chalowa pa mapu chisafufutidwe popanda kunena chifukwa. Anzawo ankawatama kuti ndi munthu wodalirika, makamaka aja amene anasiya kalekale kuwerenga mauthengawo.

M'chaka cha 2008 anayamba kujambula dera la Romford, kum'mawa kwa London. Biswick anadabwa pang'ono, chifukwa ku Edmonton komweko kunali misewu yosajambula, koma iwo anafotokoza kuti madera akum'mawa akunyalanyazidwa.

Dera lonyalanyazidwalo linali ndi dzina: Loice, kapena Mai Tendekai monga onse ankawaitanira. Anali namwino, wamasiye, wobadwira pafamu ya fodya ku Zimbabwe kwa bambo a ku Ntcheu. Chichewa chawo chinali cha pafamu, chothira Chishona apa ndi apo. Anakumana ndi a Chisale pamapemphero ku Peckham, mayiwo akudandaula kuti nkhono zawathera nkhwani m'dimba la kuseri kwa nyumba. A Chisale anati nkhani ya nkhono amaidziwa bwino. Sankadziwapo kanthu, koma anakawerenga.

Vuto linali loti bambowo anali asanasudzulidwe. Kwawo kwa Miriam ku Dedza, mwamuna woferedwa sayang'ana kwina mpaka abale a mkazi atakhala pansi n'kumuuza kuti maliro atha, ndi mfulu tsopano. A Chisale anaperekeza thupi kumudzi, n'kubwerera msanga chifukwa cha ntchito, nkhaniyo n'kutsala choncho. Kuifunsa tsopano kunali kovuta. Munthu akapempha kuti amasulidwe ndiye kuti waulula kuti ali ndi kopita, ndipo a Chisale anali asanaulule zimenezo ngakhale kwa iwo eni. Komanso moyang'anana ndi khomo la Mai Tendekai munkakhala Mai Bessie a kutchalitchi, omwe zenera lawo silinkagona, ndipo foni yawo inkafika ku Dedza popanda vuto.

Mwamwayi nyumbayo inali pakona. Geti lakuseri linkatulukira kupaki, ndipo kageti kam'mbali kankatulukira kukanjira ka mabini a zinyalala komwe kankafika pokwerera basi. Loweruka lililonse a Chisale ankajambula misewu iwiri itatu kuti chikumbumtima chikhale pansi, kenaka n'kudutsa m'paki, kulowa pageti lakuseri, kuyendera nkhono, n'kukhala kukhitchini kumwa tiyi. Ankakamba za nyengo, za mabasi, za kusiyana kwa nkhono zokhala ndi chigoba ndi zopanda chigoba. Mai Tendekai ankamvetsera akusenda mbatata, nthawi zina n'kuwayang'ana ngati akudikira mawu ena. Mawu enawo sankabwera. Dzuwa likapendeka bambowo ankathokoza, n'kutulukira pakageti kam'mbali.

Akafika kwawo ankatumiza mizere yonse, osadulapo, monga mwa mfundo yawo. Sanaganizepo kuti kamakinako kakalowa pansi pa denga kamasiya kulemba. Za tiyi sikankadziwa. Chimene kankaonetsa chinali munthu wochoka kupaki n'kutulukira pokwerera basi, sabata ndi sabata, mzere pamwamba pa mzere mpaka kukhuthala ngati chingwe chomangira ng'ombe.

Loweruka lina chilimwe chili pakati, ali kukhitchini kuja, kapu ili m'manja, anaona geti lakuseri likutseguka. Munalowa mzungu wamtali wovala chijekete chachikasu chowala, akukankha njinga. Pambuyo pake panali ena awiri, wina atanyamula kamera. Anayenda modekha ngati ali pamsewu wa boma, ndipo pofuna kupewa chingwe choyanikapo zovala, anakhotera m'nkhwani.

A Chisale anamuzindikira wamtaliyo. Anali Killian, mnzawo wa m'gulu, yemwe ankakonda kutenga anthu kukayendera njira zatsopano kuti atsimikize ngati njinga ingadutse. A Chisale anaganiza zogwada pansi ngati akumanga nsapato, koma anali atachedwa. Killian anali atawaona kale pazenera, ndipo anawakwezera dzanja mosangalala.

Mai Tendekai anatuluka mpeni wosendera uli m'manja. Poyamba anayesa ndi a khonsolo, koma ataona tayala litaponda dzungu laling'ono, zoopa khonsolo zinawathera. Anafunsa m'Chingerezi chawo cha kuwodi, chimene odwala samayankha kawiri, kuti alendowo akufuna chiyani m'dimba mwawo. Killian anatulutsa pepala losindikiza n'kuwaonetsa timadontho tofiira todutsa pakati pa nyumba yawo ndi mpanda. Anafotokoza mwaulemu kuti apa ndi njira ya apansi, ndipo sipangakhale cholakwika, chifukwa amene anaiyenda ndi Paterson, munthu wosamala koposa onse m'gulu, ndipo sanaiyende kamodzi. Anawonjezera kuti ndi njira yachidule yabwino kwambiri, kungoti kageti kam'mbaliko n'kopapatiza.

Alendowo anapepesa kwambiri atamvetsa, n'kutuluka chobwerera m'mbuyo, n'kupondanso nkhwani wina. Wa kamera uja anafunsa ngati angajambule getilo kuti likonzedwe pa mapu. Mayiwo anangomutsekera getilo.

Mai Tendekai anabwerera kukhitchini, n'kuika dzungu lophwanyikalo patebulo, pafupi ndi kapu ya a Chisale. Anafunsa kuti mapu amenewa amawaona ndani. Bambowo anayankha kuti aliyense amene ali ndi intaneti, ndipo kalankhulidwe kawo kanali konyadira pang'ono, mwachizolowezi. Anazindikira mochedwa kuti sinali nkhani yonyadira.

"Ndiye kuti dziko lonse likudziwa kuti mumabwera kuno, baba Chisale," anatero mayiwo. "Osadziwa ndi abale a akazi anu. Ndi ine."

"Inu mumandiona ndikubwera."

"Ndimaona munthu wodzayendera nkhono. Nkhonozo zinatha mwezi watha."

Sanakweze mawu. Anangonena kuti mageti onse awiri akaika loko, ndipo kuti iwo si mtsikana woti munthu azimuzembera kuseri ngati wakuba nkhuku. Akafuna kubweranso, abwere atalankhula ndi oyenera kulankhula nawo. Ngati sangathe, palibe mlandu, tiyi wa ku Edmonton ndi yemweyo. Anawapatsa dzungu lija kuti atenge.

M'basi a Chisale anayamba kuganiza zofufuta njirayo okha mwakachetechete. Zinali zotheka. Koma dongosolo la mapuwo linkasunga dzina la aliyense wokhudza kanthu, ndipo atafika kunyumba n'kuyang'ana, anapeza kuti wojambula timadontho tofiirato anali Biswick. Munthu amene anavutitsa gulu lonse kuti chinthu chisafufutidwe popanda chifukwa sakanafufuta ntchito ya mlamu wake ngati mphepo. Anayesa kulemba uthenga. Anayamba ndi mbiri ya malamulo a njira za apansi m'dziko la England, ndipo atafika ndime yachinayi asanatchule Romford, anauzimitsa.

Mawa lake atatuluka m'tchalitchi anapita kwa Biswick. Anamupeza ali pakompyuta, akulumikiza misewu yomwe ena anaisiya isanakumane, ntchito yosaoneka imene ankaichita popanda womuthokoza. A Chisale anakhala pampando n'kunena kuti ku Romford kuli kanjira kena komwe chizindikiro chake chikufunika kuunikanso.

Biswick anati wamva, Killian walembera gulu lonse uthenga wopepesa. Anatsegula malowo. Mizere ija inaonekera, yokhuthala, yakuda bii, ikulowa mbali imodzi ya nyumba n'kutulukira ina.

"Ine ndinajambula zimene mapazi ananena, alamu," anatero. "Paja mapazi sanama."

A Chisale anavomera kuti sanama.

Biswick anati palibe chovuta, zizindikiro zilipo zambiri, angosankha choyenera. Pali cha njira ya boma, pali cha njira ya eni ake yoletsedwa, palinso cha njira ya eni ake koma yomwe mwiniwake amalola anthu kudutsa. Anaika zala pamakiyi a kompyuta n'kufunsa, nkhope ili gwa, ngati mwini dimbalo amalola anthu.

"Ena."

"Angati?"

"Mmodzi," anatero a Chisale, akuyang'ana kapeti. "Ankalola. Panopa waika loko."

Biswick anaseka mpaka kuvula magalasi, koma kusekako kunatha msanga. Anapukuta magalasiwo ndi m'mphepete mwa malaya. Chithunzi cha Miriam chinali pashelefu pamwamba pa kompyutayo, ndipo onse awiri anayesetsa kusayang'anako. Kenaka anafunsa dzina la mayiwo, kwawo, ndiponso ngati amapemphera. A Chisale anayankha zonse mwadongosolo ngati ali pamayeso. Anafuna kuwonjezerapo kanthu kokhudza Miriam, kuti sikuti amuiwala, koma mawuwo anakana kukhala m'chiganizo, ndipo Biswick anawapulumutsa potembenukira kukompyuta.

Anafufuta timadontho tija. Pamalo olembapo chifukwa analemba kuti ndi dimba la munthu, osati njira. Anati za mapu zatha, koma zinazo si iye angazimasule, pakuti iye ndi mwana. Mwini nkhaniyo ndi malume ake a Miriam, a Bonaventure, ku Dedza. Ndipo alamu adziwe kuti kumudziko anthu akhala akufunsana kuti mkamwini uja anakwiya chiyani, popeza chibwererereni sanatchulepo za kusudzula. Ena ankati mwina ku England kulibe zimenezo, ena ankati mwina akuyesa kuti adzamulanda katundu.

A Chisale anati nkhani yotere ndi yofunika kukonzekera. Adzalemba kalata yabwino, kapena adzadikira Disembala akadzapita okha.

Biswick sanatsutse. Anangotenga foni ya m'nyumba n'kuyamba kudina manambala ambirimbiri aja oimbira kumudzi. Anadikira. Analankhula ndi wina kuti akaitane malume kudimba, anadikiranso, kenaka anapereka moni n'kunena kuti ali ndi alamu pano, akufuna kulonjera. Anawapatsira foniyo m'manja ngati mbale yotentha.

A Chisale anaimirira, osadziwa chifukwa chake, n'kumanga batani la jekete. Anapereka moni kwa a Bonaventure. Anafunsa za thupi lawo, za amayi, za ana, za adzukulu mmodzimmodzi. Anafunsa ngati kukuzizira chaka chino, ndiponso ngati mbatata yachita bwino. Anafotokoza kuti kuno kukutentha, ngakhale kuti kutentha kwake si kwenikweni. Anali atayamba kufotokoza za mabasi a ku London pamene Biswick anawakoka jekete.

Kumbali inayo kunali phokoso la nkhuku ndi wailesi. Mkuluyo ankadikira, osafulumira, ngati munthu amene wamvapo malonje otalika chonchi ndipo akudziwa komwe amathera.

"Bambo," anatero a Chisale, mawu atatsika, "sikuti ndangoimba kulonjera ayi. Ndili ndi pempho."

"Takhalani pansi kaye, akamwini," anayankha a Bonaventure. "Ndikukumvani kupuma. Mwaimirira inu."

A Chisale anakhala pansi, n'kunena za kusudzula kuja.