Wayifayi Yothera pa Chigafa

Wayifayi, intaneti yopanda mawaya ya ku ofesi ya kalabu ya alimi ku Chisemphere, inkathera pa chigafa cha fodya cha a Tsoka. Nyumba yawo inali kutsidya kwa munda, ndipo ndi momwe iwo anagona, matenda atawafooketsa zedi.

Akazi awo, mayi Faustina, anathamangira kwa Raymond, katswiri amene anaika makina a wayifayiyo.

"Bambo, tawonjezerani mphamvu ifike kunyumba. Mwana wathu Olive ali ku Joni, akufuna kuwaona adada ake pafoni."

"Pepani mayi," anatero Raymond. "Lamulo linaika malire a mphamvu ya makinawa, kuopa kusokoneza a anthu ena. Sindingapyole."

"Lamulo lanulo likudziwa kuti munthu akutha?" anakalipa mayiwo, n'kubwerera misozi ili chuchuchu.

Anamanga ng'ombe pangolo, nagoneka amuna awo pamphasa m'ngolomo, n'kudutsa m'mizere pang'onopang'ono kulowera kuchigafa. Atangofika pansi pa fodya wolendewera, foni inalira, nkhope ya Olive n'kuonekera ikumwetulira.

"Amayi, mwafika? Tembenuzani foni ndiwaone adada!"

Mayi Faustina anasuzumira m'ngolomo. Anawatseka maso amuna awo ndi dzanja limodzi, linalo litagwira foni, osadziwa koti ailozetse.