Mapiritsi a Msana a aMagadalena

AIgnasio Dziwani anagwira ntchito ya ulonda zaka makumi awiri ku Dedza boma, panyumba yosungiramo kachewere. Atapuma pantchito n'kubwerera kwawo ku Kasina, tulo tinawakana. Ankalowa m'bulangeti nthawi yabwino, koma maso ankangokhala gwa mpaka tambala woyamba.

Anayesa zambiri. Alamu awo anawauza kuti azimwa mkaka wotentha, koma unangowatsegula m'mimba. Mayi wina wa mumphakati mwawo anati aziwiritsa masamba a mandimu. Anamwa mpaka mtengo unatsala pang'ono kuyera. Akatekisiti anati azinena kolona. Ankaimaliza katatu, pomwe akazi awo, aMagadalena, ankakhala atagona asanafike n'komwe pakati.

Mwezi umenewo aMagadalena anali atauma msana, ndipo kuchipatala anawapatsa mapiritsi ofewetsa minofu. AIgnasio anaona kuti mayiwo akamwa piritsi limodzi, amawodzera ngakhale akusenda nyemba. Loweruka madzulo anabako limodzi. Litachedwa kugwira, anawonjezera lachiwiri kunja kukuyera kale.

Lamlungu limenelo mphakati wawo ndiwo unkapereka mphatso kutchalitchi, ndipo aIgnasio anapatsidwa dengu la kachewere. Kwaya itayamba nyimbo, anthu anauyamba wa kuguwa akuvina pang'onopang'ono. AIgnasio anamva ngati miyendo yawo ndi ya munthu wina. Kenako manja anangomasuka okha. Dengu linagwa, kachewere n'kubalalika kunsi kwa mabenchi mpaka kumbali ya amayi.

Anagwada kuti atole. Atagwada anatsamiritsa mutu pabenchi kuti apume kaye, ndipo sanadzukenso. Anthu ankayesa akupempha chikhululuko, mpaka pamene kwaya inatsitsa mawu n'kumveka nkonono.

Anawanyamula amuna anayi. Kunyumba aMagadalena anawerenga mapiritsi awo, ndipo Lolemba m'mawa anawatenga amuna awo ulendo wa kuchipatala.

Namwino, mayi wachitsikana dzina lake Cathy, anamvetsera nkhani yonse akulimbana ndi kuseka.

"Bambo, mankhwala amenewa si a tulo," anatero. "Ntchito yake ndi kumasula minofu yomangika. Kuwodzerako amangobwera nako. Pamsinkhu wanuwu mukhoza kugwa n'kuthyoka. Mwachita mwayi kuti munagwera pabenchi. Tiyi mumamwa kangati?"

"Pang'ono chabe."

"Makapu asanu," anayankha aMagadalena. "Awiri akatha kudya madzulo."

"Masana mumagona?"

"Ndimangopumitsa maso pansi pa mpichesi."

"Amawapumitsa kuyambira akadya masana mpaka mbuzi zibwere kudambo."

Namwino analemba. "Mwina thupi linazolowera ulonda, kukhala maso usiku n'kumagona masana."

AMagadalena anaseka mpaka kugwira msana. "Anamwino, bambo awa ankabwera kuchokera kuntchito m'mawa nkhope ili see, n'kupempha phala, n'kupita kubawo tsiku lonse. Tawafunseni, ankagona nthawi yanji?"

AIgnasio anayang'ana nsapato zawo.

"Panali matumba ofewa bwino pakona," anatero motsitsa mawu. "Koma sipanabedwepo kanthu."

"Zaka makumi awiri?"

"Kachewere salira, anamwino."

Namwino anatuluka panja kwa kamphindi. Atabwerako maso ali onyowa, anawauza kuti sawapatsa piritsi lililonse. Tiyi asamamwe dzuwa likapendeka, mpichesi auiwale, azidzuka nthawi imodzi tsiku lililonse, ndipo thupi lizigwira ntchito yotulutsa thukuta. Zikakanika pakatha milungu itatu, abwerenso.

"Ntchito yotulutsa thukuta ilipo," anatero aMagadalena. "Dimba langa langokhala chiumireni msanawu. Tandilembereni papepala, anamwino, ndi chidindo chomwe, angadzakane."

Kuyambira tsiku lotsatira, aIgnasio ankatsikira kudimba dzuwa lisanatuluke, khasu paphewa, nkhungu ya m'mapiri ikuwaluma makutu. AMagadalena ankakhala pachitsa atafunda chitenje, akuloza mizere yokhota. Masana bamboyo akangoyandikira mthunzi, mayiwo ankatulutsa pepala lachidindo lija n'kuliwongola pabondo. Masiku atatu oyamba aIgnasio anadandaula kuti namwinoyo ndi mwana, sadziwa matenda a akuluakulu. Tsiku lachisanu anagona asanavule n'komwe nsapato.

Patatha milungu itatu, amene anafika kuchipatala anali aMagadalena okha, maso ali psu.

"Msana uli bwanji, mayi?" anafunsa Cathy.

"Msana wachira."

"Nanga abambo akugona?"

"Akugona," anayankha aMagadalena, akudzigwetsa pampando. "Zaka zonse zija ine ndinkagona ndekha, sindinkadziwa kuti ndinakwatiwa ndi chigayo. Malata amachita kunjenjemera. Ndabwera kudzafunsa ngati mungawalole kakapu kamodzi ka tiyi madzulo, kuti ineyo ndiziyambako kugona iwo asanalize."