Mbale Yowoloka Msewu

Dignora atayamba kunenepa, mitima ya anthu onse a mumsewu wathu m'tauni ya Moca inakhala pansi. Kwathu kuno thupi ndiye kalata ya kuchipatala: ukaonda ukudwala, ukanenepa wachira, nkhani yathera pompo.

Chaka chapitacho mayiyu anali atatsala mafupa okhaokha. Anaphimba makina ake osokera ndi nsalu, anatseka mawindo, nagona miyezi inayi, popanda malungo, popanda popweteka. Anthu anafunafuna chifukwa. Ena ankati ndi maliro a mayi ake, ena ankati ndi mwana wake Yokasta amene anapita ku Madrid kukasamalira nkhalamba za eni, enanso ankati pali wina amene anamuchita chipongwe. Iye mwini sankadziwa. Chimene ankadziwa n'chakuti kuchoka pabedi kukafika kukhitchini unali ulendo wa tsiku lathunthu.

Yokasta ndi amene anamukakamiza pafoni kuti apite ku Santiago kwa Dokotala Polanco, mayi woona za matenda a maganizo. Kwa anthu Dignora ankati akukayezetsa BP, chifukwa palibe mkwatibwi amene angapereke nsalu ya diresi lake kwa telala woti akumwa mankhwala a misala. Mankhwala oyamba anamusanzitsa. Achiwiri anamusandutsa chipika. Achitatu ndi amene anamudzutsa. Anatsegula mawindo, makina anayambanso kulira, ndipo tsiku lina titamumva akutukwana galu wa eni tonse tinati alemekezeke Mulungu.

Koma walira mvula walira matope. Timapiritsi tomweto tinabwera ndi m'kamwa mouma gwaa, tulo ta masana, ndi njala yosamva kukhuta. Ankadya, n'kutsuka mbale, n'kuyamba kuganiza za chakudya. M'miyezi isanu ndi itatu anawonjezera mapaundi makumi anayi, ndipo ulusi wambiri unathera pokulitsa masiketi ake omwe.

"Mayi Dignora, shuga wanu waima pakhomo, akugogoda," anatero Dokotala Polanco kumayambiriro kwa Lenti. "Ndikufuna mapaundi khumi achoke pofika Lachiwiri la pambuyo pa Pasaka. Akapanda kuchoka, tisintha mankhwala."

"Kusintha? Tiyambirenso kuyesa aja?"

"Sindikufuna ayi. Koma sindingakuchiritseni mutu n'kukuphani thupi."

Dignora kunenepa sikunkamuopsa, ngakhale shuga yemwe sankamuopsa kwenikweni. Chimene ankaopa ndi chipinda chija cha mawindo otseka. Ankachidziwa fungo lake, ndipo ankadziwa kuti akabwereramo kachiwiri mwina sadzatulukanso. Ali m'basi yobwerera analumbira kuti mapaundi khumiwo achoka ngakhale atadya mphepo.

Vuto linali kutsidya kwa msewu, ndipo dzina lake linali Fiordaliza.

Kwathu kuno nthawi ikakwana twelofu masana, mbale zimayenda mumsewu kuposa njinga zamoto. Waphika zabwino, umapakulira mnzako, n'kuvundikira ndi mbale ina, n'kumanga m'kansalu. Mbaleyo sibwerera yopanda kanthu, ngakhale mapeyala awiri uyikemo, pajatu kachipande ka therere kamakoma n'kuyenderana. Tsono Fiordaliza sanali mnansi wamba. Ndi amene ananyamula Yokasta pa ubatizo, ndiye kuyambira tsiku limenelo awiriwa ankatchulana kuti komadre, ndipo anasiya kuitanana kuti iwe ngakhale anakulira limodzi akuba mango a abambo mfumu a parishi. Komadre sakanidwa, komadre sakanganidwa naye. Mbale ya Fiordaliza inayamba kuwoloka m'miyezi ya mdima ija ndipo sinasiyenso: mpunga, nyemba, nkhuku ya msuzi, nthochi zokazinga, ndi nkhoko za mpunga zothira msuzi pamwamba, zija zimachititsa munthu kuiwala dzina la dokotala.

Wonyamula mbaleyo anali Nicanor, mwamuna wa Fiordaliza amene Dignora ankamutchula kuti kompadre, dalaivala wa basi wopuma pantchito. Iyeyu ndiye anali ndi BP yeniyeni, moti mkazi wake ankamudyetsa mabiringanya owiritsa opanda mchere, mmawa, masana ndi madzulo. Tsiku lililonse bamboyu ankawoloka msewu atanyamula fungo la nkhuku pansi pa mphuno, nkhope ili ngati ya munthu wonyamula bokosi la m'bale wake.

Tsiku lotsatira atachokera ku Santiago, Dignora anavundukula mbale ija patebulo la kukhitchini. Malovu anadzadza m'kamwa momwe munali mouma miyezi yonseyi. Atakweza maso anapeza Nicanor nayenso akumeza.

"Kompadre," anatero motsitsa mawu, "mwadya?"

"Ndadya, komadre. Ngati kumeneko n'kudya."

"Khalani pansi."

"Mkazi uja angandiphe."

"Amuuza ndani? Supuni iyi."

Nicanor anachita chizindikiro cha mtanda, nakhala. Mbale inayera mbee m'mphindi zisanu. Dignora anaitsuka, naikamo magawo awiri a papaya, iye n'kudya kabichi wake ndi kansomba kowiritsa. Palibe amene anafunsa mnzake chifukwa, ndipo pangano linamangidwa choncho.

Mmawa uliwonse ankayenda wapansi monga analamulira dokotala. Kwathu munthu woyenda wapansi popanda kopita ndiye kuti mutu wayamba, ndiye ankanyamula chikwama cha kumsika chopanda kanthu kuti azioneka ngati watumidwa. Anyamata a njinga zamoto ankamuimira pakona iliyonse. "Mayi, kwerani, dzuwali si lanu!" Iye ankangogwedeza dzanja, thukuta lili kamukamu, miyendo ikulemera ndi tulo ta mankhwala. Masiku ena ankafika kunyumba n'kulira ndi njala, kulira kwenikweni kwa misozi, kenako n'kumwa madzi makapu atatu.

Sabata zitatu zitatha, siketi inayamba kuzungulira m'chiuno. Fiordaliza anaziona ali pakhonde pake, ndipo anawoloka yekha, manja ali m'chiuno.

"Komadre, mafupa a m'khosi akutulukanso. Mukudya?"

"Ndikudya, komadre. Mbale simukuiona mmene ikubwerera?"

"Ndikuiona. N'chifukwa chake ndikudabwa." Anamuyang'ana m'maso nthawi yaitali. "Zijazi sizinayambenso?"

"Ayi ndithu."

"Mawa ndiwonjezera."

Anawonjezeradi. Mbale inasanduka mbale ziwiri, pena ndi kapoto ka chinangwa chothira mafuta ndi anyezi. Nicanor anasenza mtanda umenewu mosadandaula. Masaya anatuluka, khosi linapinda kawiri, anaboola bowo latsopano pa lamba ndi msomali. Fiordaliza ankauza aliyense kugolosale kuti sanaonepo munthu wonenepa ndi mabiringanya, mwina mankhwala a m'munda a masiku ano.

Koma msewu uli ndi maso. Anthu anayamba kuwerenga kuti bambo wopereka mbale amatha theka la ola m'nyumba ya mayi wosakhala pabanja, chitseko chili chotseka, ndipo amatuluka akupukuta pakamwa, akumwetulira, akukonza lamba. Lamba ameneyu ndiye anawononga zonse. Manong'onong'o anazungulira kuyambira kugolosale mpaka kwa ometa tsitsi, ndipo pomaliza mayi wa pagolosale anatsina khutu Fiordaliza, ati chifukwa chomukonda.

Amati masiku a mbala ndi makumi anayi, ndipo Lenti nayonso imatalika chimodzimodzi. Linali Lachisanu Loyera, tsiku limene nyumba iliyonse imaphika nyemba za shuga, zothira mkaka, mbatata ndi sinamoni, n'kugawira anansi onse. Ndi tsikunso limene kwathu sitiliza wailesi, sitikhoma msomali, sitikweza mawu, chifukwa Ambuye ali m'manda. Pofika masana patebulo la Dignora panali makontena asanu ochokera m'nyumba zisanu, ndipo Nicanor analowa ndi poto wathunthu wa mkazi wake.

Nyemba za Fiordaliza n'zimene Dignora ankadikira chaka chonse. Anakhala moyang'anizana ndi Nicanor, kabichi wake ali patsogolo, maso ali pa supuni ya mnzake.

"Sinamoni akumveka, kompadre?"

"Akumveka, komadre."

"Mbatata yafewa?"

"Ikusungunuka yokha."

"Musafulumire. Tafunani bwinobwino, ndizionako."

Apa ndi pamene chitseko cha kuseri chinatseguka. Fiordaliza anaima pakhomo, patapata ali m'manja, phazi limodzi lilibe nsapato. Anayang'ana mwamuna wake, supuni ili m'kamwa. Anayang'ana poto wake. Anayang'ana kabichi. Chifuwa chinakwera kuti akuwe, kenako anakumbukira tsiku, ndipo mkwiyo wonsewo unatuluka monong'ona ngati mpweya wa tayala loboola.

"Iwe nkhalamba iwe. Mabiringanya eti? Mabiringanya ako ndi amenewa?"

"Fior, ndimangothandiza..."

"Khala chete, Ambuye ali m'manda. Tuluka. Supuniyo siya."

Nicanor anatuluka monyang'ama. Fiordaliza anatembenukira kwa Dignora.

"Komadre, bola ndikanakupezani naye kuchipinda. Mwamunayo ndikanakupatsani ndi lamba wake yemwe, wathaitha kale. Koma chakudya changa? Ine kudzuka mmamawa kusankha nyemba imodziimodzi, inu n'kumapatsa dalaivala? Chalakwika n'chiyani? Mchere?"

Dignora anafuna kunama, koma bodza linali litatha. Anaimirira, natsegula kabati, natulutsa kabotolo kuseri kwa chitini cha khofi, nakaika patebulo pakati pa makontena aja. Ananena zonse monong'ona: za Dokotala Polanco, za mankhwala awiri oyamba, za shuga, za mapaundi khumi ndi Lachiwiri likubwerali. Manyazi anamugwira mpaka m'makutu.

"Si a BP, komadre. Ndi a mutu. Akandichotsera amenewa, ndikuopa kuti ndibwerera m'chipinda muja."

Fiordaliza anavala patapata wake pang'onopang'ono, nakhala pampando wa Nicanor.

"Ndiye inu mumaganiza kuti ine ndine chitsiru? BP amayeza pafamase apa pakona. Ndani amakwerera basi mpaka ku Santiago?" Anapukuta mphuno ndi kansalu ka mbale. "Miyezi inayi ija simunkanditsegulira. Ndikagogoda, zii. Ndiye ndinati ndizimusiyira mbale pakhomo, chifukwa mayi ameneyu angasiye kusamba, angasiye kupemphera, koma mwana wa mayi ake uja sangabweze mbale yopanda kanthu. Ndinkakhala pakhonde kudikira. Ikabwera ndi kandimu kamodzi kofota, ndinkadziwa kuti lero mwadzuka, mwafika kukhitchini, muli moyo. Tsiku lina inachedwa mpaka faifi, ndinali nditatenga kale nkhwangwa yoti ndithyole chitseko."

Dignora anakumbukira mandimu aja. Ankadzikoka pabedi akutukwana komadre wake mumtima, kufunafuna choika m'mbale kuti asachite manyazi, osadziwa kuti kutsidya kuli munthu amene akuwerenga maola. Analira, ndipo Fiordaliza naye analira, onse motsitsa mawu chifukwa cha tsikulo. Atatha, Fiordaliza anakokera poto uja kwa iye n'kudya masupuni atatu, ati pofuna kuona ngati dalaivala uja sanawononge.

Lachiwiri anakwera basi onse awiri. Fiordaliza anavala diresi la kutchalitchi, nakhala pabenchi ya odikira pansi penipeni pa chikwangwani cha matenda a maganizo, akupatsa moni aliyense wodutsa. Dzina la Dignora litaitanidwa, Fiordaliza ndiye anayamba kulowa.

Sikelo inanena kuti achoka mapaundi asanu ndi atatu.

"Vulani nsapato, komadre," anatero Fiordaliza. "Ndolo zomwe. Tulutsani mpweya."

Sikelo sinasinthe maganizo. Dokotala Polanco anayang'ana pepala la magazi, natenga cholembera.

"Adokotala, musanalembe," Fiordaliza anaika dzanja pa tebulo. "Mapaundi awiri otsalawo ndi anga. Ndine ndinawaika, ndi mpunga wanga, ndipo ndiwachotsa ndekha. Mabiringanya ndimawadziwa, funsani mwamuna wanga. Ndiziyenda naye mmawa uliwonse ngakhale mawondo anga ndi awa. Koma timapiritsito musatikhudze. Inu munamuona atabwera kuno. Ine ndinayang'ana windo lake lotseka miyezi inayi."

Dokotala anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Inu ndinu ndani wake?"

"Komadre wake."

"Shuga watsikako, ndipo ndimati ndilembe mankhwala omwewo," anatero dokotala, cholembera chikuyenda. "Koma poti mwalonjeza nokha, mubwere nonse pakatha mwezi. Inunso mayi mudzakwera pasikelopo."

Atatuluka panja, Dignora anapinda pepala lija kanayi, naliika m'kamisolo, dzanja lake osachokapo. Njinga yamoto inaima kuti iwatenge kupita kokwerera basi. Fiordaliza anaiyang'ana mwachisoni, anayang'ana nsapato zake za kutchalitchi, kenako anagwira mkono wa Dignora.

"Pita, mwana wanga, ife tiyenda," anatero. "Koma komadre, pang'onopang'ono. Ine si wodwala wozolowera kuyenda ngati inu."