Mpiringidzo wa Khomo la Kumbuyo

Mwana wamkazi wa mmisiri wowotcherera zitsulo anafika kunyumba akuthamanga, chikwama chikumumenya kumsana. Anzake a ku yunivesite anali atamusankha kutsogolera phwando lotsekera chaka, ndipo aliyense anali atayamba kale kumutcha Tcheya.

Koma vuto linalipo. Chaka chatha anthu opanda matikiti analowera khomo la kumbuyo kwa holo, n'kudzaza malo mpaka kunabuka ndewu. Akuluakulu a sukulu anachenjeza kuti chisokonezo chikachitikanso, maphwando athera pomwepo.

"Adadi, ndithandizeni," anatero Tcheya ali wefuwefu. "Ndikufuna khomo limene lija litsekeke moti ngakhale mphepo isalowe!"

"Zomwezo basi?" bambo ake anadzimenya pachifuwa. "Mwana wanga akhale Tcheya, ine ndilephere kachitsulo?"

"Taonani kudzitamako," anaseka mayi ake. "Geti lathu lomweli likulendewera chaka chonse, mmisiri ali m'nyumba momwemo."

M'mawa mwake bambo aja anawotcherera mpiringidzo wonenepa ngati mkono, wa maloko awiri. Mayi woyandikana nawo nyumba, amene amagwira ntchito yozimitsa moto, anasuzumira pampanda.

"Aneba, mwayamba kumanga ndende?"

Tcheya anafotokoza zonse monyadira. Mayiyo sanaseke.

"Holoyo ili ndi makomo angati, mwanangu?"

"Awiri."

"Utsi ukabuka kutsogolo, anzakowo akatulukira pati?"

"Makiyi ndikhala nawo ine."

"Anthu akukankhana, iwe uli kumapeto ena a holo ukupisa m'thumba? Ndaonapo zoterezi. Ambiri savulala ndi moto ayi, amavulala popondana pakhomo lotseka."

Mmisiri anazimitsa makina ake n'kuyang'ana chitsulo chija.

"Nanga olowa mozemba aja?" anafunsa Tcheya, mawu atatsika. "Akalowanso, phwando latha, ndipo dzina loipa ndi langa."

"Khomo alondere anthu, osati chitsulo. Ikapo anzako odalirika amene sadzamwa mowa tsikulo. Wogula tikiti avale kachibangili ka pepala pamkono, wopanda chibangili abwezedwe mwaulemu. Ukapemphe alonda a sukulu ndi anamwino, uikenso madzi akumwa ambiri. Chozimitsira moto ndikuphunzitsani ndine."

Nkhope ya Tcheya inawalanso. Sabata imeneyo komiti yake sinapume. Anachotsa madesiki akale amene anaunjikidwa kukhomo la kumbuyo, anamata zikwangwani zolozera potulukira, ndipo anagwirizana kuti aliyense adzabwerere limodzi ndi mnzake amene anabwera naye.

Loweruka masana holo inadzaza. Nyimbo zinkagunda mpaka m'nthiti, nsapato zinkalira pasimenti, ndipo ngakhale anyamata amanyazi a ku laibulale anavina mpaka malaya kunyowa. Opanda zibangili anayesa khomo la kumbuyo, koma anapeza anthu ali chilili, n'kubwerera akung'ung'udza.

Kenaka nyimbo zinaduka. Fungo la mawaya opsa linamveka, ndipo utsi wakuda unatuluka m'chokuzira mawu chimene chinali pafupi ndi khomo la kutsogolo. Wina anakuwa, anthu n'kuyamba kukankhana.

Tcheya anakwera pampando. "Khomo la kumbuyo ndi lotsegula! Yendani, musathamange!"

Olondera aja anatsegula zitseko zonse ziwiri za khomolo, ndipo anthu anatuluka bwinobwino. Mnyamata wina wa m'komiti anathimitsa magetsi n'kupopera chozimitsira moto monga anaphunzirira. Anamwino anangothandiza mtsikana mmodzi amene ankatsokomola.

"Ndani wati phwando latha?" anafuula woimba nyimbo, atanyamula wailesi yobwereka. Gule anapitirira pakapinga mpaka dzuwa kulowa. Mkulu woona za ophunzira anagwira Tcheya chanza n'kunena kuti, "Chaka chamawa holo ndi yanu."

Tcheya atafika kunyumba, anapeza mpiringidzo uja utaikidwa pageti.

"Zikomo aneba!" mayi ake anafuulira kuseri kwa mpanda. "Mwapulumutsa ana a eni, mwandikonzetseranso geti!"

Pokonza phwando, musatseke khomo lotulukira pangozi ngakhale pa chifukwa chomveka bwino. Ikanipo anthu osaledzera, funsani odziwa za chitetezo, ndipo onetsetsani kuti aliyense amene walowa akuvina atulukenso ndi miyendo yake.